Mluzu wa a Haji Shehata

Tinali pa chakudya chamasana, chimene kuno ku Bashtil timadya dzuwa litapendeka, amuna atabwerako ku ntchito. Amayi, apongozi anga aakazi, anali ataphika thelele la denje ndi mpunga. Tinakhala pansi kuzungulira katebulo kathu kafupi kaja: amayiwo, apongozi aamuna, mwamuna wanga Essam, ine, ndi mlamu wanga Rehab, mlongo wake wa Essam, amene ankadya ndi dzanja limodzi, linalo likusisita foni.

"Ababa," anatero Rehab osadzutsa mutu, "anzanga aja akubwera lero. Tikupempha padenga."

"Padenga pali eni ake," anayankha apongozi akunyema mkate. "Nkhunda zikalowa m'khola, kwerani. Zisanalowe, ayi."

"Oimba aja?" anafunsa Essam. "Opanda ng'oma, opanda chitoliro, opanda ngakhale munthu mmodzi wodziwa kuimba? Ababa, mukudziwa kuti mwana wanuyu anandijambula ine ndikusamba? Pano akuti ndikumveka mpaka ku Beirut."

"Sindinajambule iwe, ndinajambula mpope," anatero Rehab. "Mpopewo uli ndi mawu abwino kuposa iwe."

"Idyani, thelele likuzizira," anatero amayi.

Rehab amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'mawa, koma mtima wake uli pa zina. Ali ndi kamakina kojambulira mawu, kovala chipewa chaubweya ngati kamwana ka mphaka, ndipo amayenda nako paliponse. Amajambula wogulitsa gasi akumenya sipanala pa mabotolo ake, bulu akulira kumunda wotsala uja kuseri kwa njanji, chitseko cha mzikiti, ngakhale ine ndikusefa ufa. Akatero amatumiza kwa mnzake. Mnzakeyo amadula, mawu ena kuwakoka kuti atalike, ena kuwasanjikiza, n'kupatsira wina, winayo n'kuwonjezera zimene watola kwawo. Ali ndi malamulo awo. Choimbira chenicheni saikamo. Wolandira safunsa kuti mawuwa ndi a chiyani kapena achokera kuti. Akuti ukadziwa, makutu amachita ulesi. Ndipo ntchito ikatha amapita nayo pamalo pomwe mawu oyamba anatoledwa, kukaimvera pomwepo. Ngakhale woyambitsa uja samva chimene anzake achita mpaka tsiku limenelo. Amati kubweza mawu kwawo. Ulendo uno mawu oyamba anali a padenga pathu.

Koma padengapo ndi pa apongozi. Anthu amawatchula kuti a Gaber a nkhunda, ndipo khola lawo ndi nsanja ya matabwa yopaka utoto wobiriwira, yotalika ngati nyumba ina pamwamba pa nyumba. Madenga ambiri kuno ali ndi nsanja zotero. Dzuwa likamapita kolowa, amuna amakwera, kutsegula makola, n'kumayendetsa nkhunda zawo mumlengalenga ndi mbendera ndi mluzu. Magulu amakumana, kusakanikirana, kenaka aliyense amaitana zake. Nkhunda yachilendo ikatsata zako n'kutera pathabwa lako, umakoka chingwe, ukonde n'kuigwera. Zotsatira zake zimatengera kuti mwini wakeyo uli naye pa nkhondo kapena pa mtendere. Pa nkhondo, nkhundayo ndi yako. Pa mtendere, chingwe sukoka n'komwe. Umaiingitsa ipite kwawo, ikakana umainyamula wekha kukaipereka.

Ndi a Haji Shehata, amene nsanja yawo imayang'anizana ndi yathu kutsidya kwa kanjira, apongozi anakhala pa nkhondo zaka zambiri. Nkhondoyo ndinaipeza pamene ndinkakwatiwa kuchokera kumudzi. Mipando ya ukwati wanga inafika mpaka pakhomo pa a Shehata, koma m'nyumba imeneyo simunatuluke munthu ndi mmodzi yemwe. Anatseka mawindo. Akazi a nyumba ziwirizi ankakumana pogula mkate, aliyense n'kumangoyang'ana mkate wake. Mtendere unadza a Shehata atabwerako ku Makka, pamene akuluakulu a ku tiyirumu anawagwiranitsa manja awiriwo. Kuyambira pamenepo tinayamba kubwerekana anyezi ndi mapoto, ndipo mkazi wa a Haji atamwalira, amayi ndi amene anasambitsa mtembo. Ukonde unatsalabe pansanja, koma unali wa nkhunda za anthu akutali.

Anzake a Rehab anafika msanga kuposa mmene anapanganirana. Anali awiri. Bishoy wa ku Shubra, munthu wamtali, waulemu kwambiri, anakwera masitepe atakumbatira sipika ziwiri ngati mapasa. Lamis wa ku Alesandriya ankangoyang'ana wotchi, chifukwa ankafuna kupeza sitima yamadzulo. Ine ndinakwera nawo nditanyamula tiyi, kuti ndikaanulenso zovala.

Apongozi anali kale pamwamba pa nsanja, atatipatsa msana, mbendera yawo ikupita uku ndi uku. Thambo linali litadzaza nkhunda. Gulu la a Shehata linkazungulira cha kumtunda, ndipo tsiku limenelo anali atatulutsa ndi zazing'ono zomwe, zimene zinali zisanazolowere bwino njira ya kwawo.

"Tingoyesa ngati mawaya ali bwino," anatero Bishoy.

"Ababa ati tidikire."

"Sitikuyamba ayi, n'kulawa chabe. Sitima ya Lamis sidikira nkhunda."

Rehab anayang'ana kunsanja, n'kuyang'ana Lamis. "Pang'ono pokha. Motsitsa."

Padenga mawu amamwazika ndi mphepo, choncho Bishoy anakweza pang'ono, kenaka pang'ononso. Poyamba kunamveka ngati belu likulira pansi pa madzi. Rehab anandinong'oneza kuti ndi sipanala ya wa gasi uja. Kenaka kunadza mvula yowaza, imene inali sefa yanga. Ndinaima ndi malaya a Essam m'manja. Sizinali zoipa. Kanali kanjira kathu komweka, koma mmene umakamvera ukagona ndi malungo. Ndiye pakati pa zonsezo panatuluka mluzu: kukwera kawiri, kutsika kamodzi motalika, n'kutsatira chitini cha chimanga chikugwedezedwa. Unamveka woyera, wapafupi, ngati mwini wake waima pambali pa thanki yathu yamadzi. Unabwereza. Unabwerezanso.

Aliyense wa m'kanjira kathu angakuuzeni kuti umenewo ndi mluzu wa a Haji Shehata poitana nkhunda zawo kudzadya. Rehab anaujambula tsiku lina ali padenga pathu pomwepa, pamodzi ndi phokoso lina lonse la madzulo, n'kutumiza. Kwa iye unali kanthu kakang'ono, kakutali, kobisika pakati pa mahutala ndi agalu. Bishoy sanafunse, poti safunsa. Anangoukonda, n'kuutsuka, n'kuuika patsogolo.

Gulu la a Shehata linagwedezeka m'mwamba ngati nsalu yokokedwa pangodya. Zikuluzikulu zinazengereza, zikuyang'ana kwawo. Zazing'ono sizinachedwe. Zinapinda mapiko n'kutsika molunjika, ndipo zina zazikulu zinatsatira. Zinatera pathabwa la apongozi, phaphapha, kudzaza thabwa lonse.

Ndinaona dzanja la apongozi likupita pachingwe. Silinafunse mwini wake. Ndi dzanja limene lakhala likukoka chingwe chimenecho kuyambira ine ndisanabadwe. Ukonde unagwa.

"Zimitsa!" anakuwa Rehab. "Bishoy, zimitsa!"

"Chapsa n'chiyani? Waya?"

Rehab anazula yekha pulagi kukhoma.

Pamenepo madenga onse anayamba phokoso. Wina analiza mluzu wachipongwe, wina anamenya chitini. "Gaber wayambanso!" "Nkhondo yabwerera, anthuni!" Kutsidya, a Shehata anali ataima pansanja pawo, mbendera ili pansi. Sanakuwe. Anangotiyang'ana, natsika.

Apongozi ankayang'ana chikhatho chawo ngati chalowa munga. Lamis, ndinamuona, anali atatulutsa kamakina kake mwakachetechete n'kukaloza kumadenga okuwawo. Rehab anam'menya padzanja. Posakhalitsa mtsikanayo anapepesa kwa aliyense, ngakhale kwa ine, n'kuthamangira sitima yake.

Essam anakwera akupuma wefuwefu. "Ababa, tukulani ukondewo ziuluke. Zikafika kwawo nkhani yatha."

"Nkhunda yogwidwa ndi ukonde sibwerera kudzera m'mwamba," anatero apongozi. "Kutero n'kumuuza kuti ndakuchitira chisoni. Imabwerera kudzera pakhomo, m'manja mwa amene anaigwira. Bweretsa dengu."

Anazichotsa mu ukonde imodziimodzi, akuwongola nthenga zimene zinapindika. Pa ina anachedwa. Inali yaikazi, yofiirira, ya khosi loyera. Anaitembenuza, natambasula phiko lake, naiyang'ana m'maso.

"Agogo ake a iyi anaswedwa m'khola muno," anatero motsitsa. "Anandilanda nthawi ya nkhondo ija."

Amayi anali atafika pamasitepe omaliza, atagwira mawondo. Kawirikawiri sakwera.

"Imeneyonso, bambo a Essam."

"Kodi ndati chiyani ine?"

"Simunanene kanthu. Imeneyonso."

Inalowa m'dengu.

Tinadikira amuna aswali swala, pemphero la kulowa kwa dzuwa, kenaka tinawoloka kanjira. Apongozi anasenza dengu paphewa, Rehab pambuyo, Bishoy pambuyo pake atakumbatira laputopu. Amayi anandituma ndiperekeze Rehab, poti kwa a Haji kunatsala amuna okhaokha ndi mpongozi mmodzi. Koma Essam amayiwo anamuuza kuti atsale, chifukwa pakamwa pake pamathamanga.

A Shehata anali pabenchi pakhomo pawo, atavala mkanjo wotuwa, ana awo aamuna ataima kumbuyo. Amuna a ku tiyirumu anali atasiya domino n'kudzaima chapatali, ngati anthu ongodutsa. Tinapereka moni wa mtendere. Anayankha, poti moni umenewo sukanidwa, koma sanasunthe kuti apereke malo, ndipo palibe amene anatumidwa tiyi.

Apongozi anatula dengu. A Shehata anavundukula, nayang'ana nkhunda zawo, milomo ikuyenda. Atafika pa yofiirira ija anadzutsa maso, nayang'ana apongozi.

"Mtendere unatha liti, a Gaber? Bwenzi mutatuma munthu kudzandiuza, ndikanasoka ukonde wanga. Unadyedwa ndi makoswe."

"Chingwe ndakoka ndine, a Haji. Sindinamizira mphepo. Dzanja linatsogola, mutu unabwera pambuyo."

"Za dzanja ndamva. Manja tonse tili nawo, ndipo ndi opusa. Koma mluzu? Mluzu sutuluka mwangozi. Zaka zonsezi mumandipatsa moni, kuseri mukuphunzira mluzu wanga m'bafa?"

"Ine ndingauthe bwanji mluzu wanu? Mano anga akutsogolo alipo onse."

Mmodzi mwa amuna aja anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. A Shehata, amene mano awo akutsogolo anaguluka kalekale, sanaseke.

Rehab anabwera kutsogolo. "Malume, ndine. Ndinakujambulani mawu muli pansanja, osakupemphani. Unatuluka m'sipika."

"Iwe? Amene umandibaya jakisoni wa shuga?"

Rehab anafotokoza zonse, za kutola mawu, za kupatsirana, za kusafunsa. A Shehata anamvetsera ngati munthu amene akuuzidwa za matenda a dziko lina. Kenaka analoza Bishoy.

"Nanga mlongoti uwu?"

"Ndi amene anaukweza mluzuwo."

"Pepani kwambiri, a Haji," anatero Bishoy atagwira pamtima. "Sindinadziwe kuti ndi munthu. Ndinkayesa mbalame."

Pamenepo amuna aja sanathenso kudzigwira.

"Mbalame yanji?"

"Yabwino ndithu, a Haji. Ya kudambo."

"Tsegula ndimve mbalameyo."

Bishoy anagwada, naika laputopu pabenchi, natsegula motsitsa kwambiri. Amuna ongodutsa aja anasendera. Belu la pansi pa madzi lija litalira, wina anati, "Ameneyo ndi wa gasi!" ndipo anzake anam'letsa. Mvula yanga inawaza. Kenaka mluzu.

A Shehata anapendeketsa mutu. "Ameneyo ndine?"

"Ndinu, Malume."

"Akupuma ngati bulu pamlatho."

"Kupumako ndi kumene ndinakonda," anatero Bishoy, maso akuwala. "Musanaimbe mumakoka mpweya, ndiye pamakhala kamphindi kamene chilichonse chimadikira..."

"Bwezera."

Anabwezera. A Shehata anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili kukhutu.

"Nanga nyimbo yake iyamba liti?"

"Ndi imeneyo, Malume."

"Ehe."

Ine ndinayesa kuti zatha. Koma a Haji anachotsa dzanja kukhutu, nkhope n'kuuma.

"Tamvera, mwana wa a Gaber. Chimene uli nacho m'bokosimo kwa iwe ndi nyimbo. Kwa ine ndi kiyi wa khola langa. Aliyense wokhala ndi sipika ndi denga angandikolole nkhunda zonse ine ndili m'chimbudzi. Fufuta. Pompano, ndikuona."

Bishoy anayang'ana Rehab. Akanatha kudina penapake n'kunena kuti zafufutika, a Haji sakanadziwa. Rehab anapukusa mutu.

"Ndikafufuta apa ndikhala ndikukunamizani, Malume. Zili ndi mnzathu amene ali m'sitima panopa. Zili ndi wina ku Beirut, wina ku Tunis. Ndingawapemphe, ndipo avomera, koma sindingalumbire kuti palibe pamene zatsalira. Mawu akachoka, sabwerera onse."

"A ku Beirut sindiwaopa, nkhunda zanga sizifikako. Ndikuopa denga ilo." Analoza nyumba yathu ndi chibwano. "Denga lokhala ndi mluzu wanga, ndi dzanja lopusa lija. Mawa nditsegula bwanji khola?" Anavundikira dengu. "Kuyambira mawa aliyense asamale zake."

Amenewo ndi mawu amene amanenedwa poyamba nkhondo. Ndinaona mpongozi wa a Haji, mnzanga Hanem, akuchoka pawindo. Ndinakumbukira kuti poto wake wamkulu ali kwathu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndidzam'bwezera bwanji.

Apongozi anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anakonza kukhosi.

"Sipika za maukwati zija, mwana wanu Ragab akadali nazo?"

"Zilipo," anayankha Ragab yekha, kumbuyo kwa bambo ake.

"Zimamveka mpaka kunjanji?"

"Mpaka ku Imbaba, Malume."

"Ndiye mawa Rehab ajambule wanga. Mluzu ndi chitini chomwe, mmene ndimaitanira zanga. Akupatseni. Mukhale ndi kiyi wanga monga ine ndili ndi wanu."

"Ababa..." anayamba Rehab.

"Khala chete, iwe wayankhula kale ndi makina ako."

Amuna aja anayamba kunong'onezana. Zinali zisanamvekepo kuti munthu wa nkhunda n'kupereka mluzu wake. Nkhunda za apongozi ndi zimene akhala akuswetsa moyo wawo wonse, akusankha iyi ndi iyi. Ndi mluzuwo ndi sipika za Ragab, zikanatha madzulo amodzi.

A Shehata anakanda ndevu. "Weniweni? Osati wondinamiza nawo, woitanira mphaka?"

"Mudzaime pansanja panu, muone ngati zibwere."

"Ndipo auike m'chinthu chawochi. A ku Beirut amvenso kuti a Gaber amalira ngati ketulo."

"Kunena zoona, a Haji," anayamba Bishoy, "ntchito ikatha sitiwonjez..." Rehab anam'ponda phazi. "Koma iyi sinathe," anamaliza.

"Tiyi tidzamwa ndikaona," anatero a Shehata. Ananyamula dengu, nalowa m'nyumba.

Titafika kunyumba Essam anayankhula zambiri. Anati apongozi apereka khola lonse chifukwa cha phokoso la mpope, anati a Haji ndi munthu wosaiwala, anati Ragab angayatse sipikazo ngakhale mwamasewera chabe. Bishoy anamangirira mawaya ake n'kutsanzika, amayi atam'kulungira mkate ndi tchizi ngati munthu wopita kutali. Ine ndikutsuka mbale ndinamva Rehab akupepesa kwa bambo ake m'chipinda chochezera.

"Zapita zimenezo," anatero apongozi. Patapita kanthawi anafunsa, "Koma tsiku lija unkajambula, ine kunalibe?"

"Munalipo, Ababa. Mluzu wanunso unalowa."

"Ndiye mlongoti uja anamva yonse iwiri?"

"Eya."

"N'kusankha wa a Shehata."

"Eya, Ababa."

"Alibe makutu mnzakoyo," anatero apongozi.

M'mawa mwake Rehab anapempha mnzake kuti am'gwirire ntchito kusitolo. Apongozi anatulutsa nkhunda zochepa kuti zizungulire, ngakhale sinali nthawi yake. Kutsidya a Shehata anali atakhala kale pansanja pawo, miyendo ikulendewera, tambula ya tiyi m'manja. Pamadenga ena panalinso anthu amene mwadzidzidzi anali ndi zokonza.

Rehab anaimika kamakina kake pafupi ndi pakamwa pa apongozi. Iwo anakayang'ana, nanyambita milomo, nakoka mpweya. Panatuluka mphepo yokha.

"Chotsa chinthuchi pamaso panga."

"Ndikachotsa sizimveka, Ababa. Iwalani kuti chilipo."

"Ndiiwale bwanji chikundiyang'ana?"

Anayesanso. Fuuu.

"A Gaber!" mawu anachokera kutsidya. "Mano onse aja ntchito yake n'chiyani?"

Ndinawapatsira madzi apongozi. Anamwa, natembenukira kumbali, nayang'ana nkhunda m'malo mwa makina. Pamenepo mluzu unatuluka, umodzi wautali wodukaduka kumapeto, chitini n'kutsatira. Nkhunda zinatembenuka zonse pamodzi n'kutsika. Rehab anadikira mpaka phiko lomaliza litakhala chete asanazimitse. Kutsidya a Shehata anagwedeza mutu kamodzi.

Rehab anaika mawuwo pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. Apongozi anakakulunga m'pepala, nawoloka nako okha. Anabwerako msanga. Amayi atawafunsa ndi maso, anati a Haji alandira ataima pakhomo, ndipo ati ayambe amva ngati m'kakhadimo muli kanthu.

Dzuwa litapendeka ndinakwera padenga kukatenga anyezi amene tinayanika. Sipika za Ragab zinali padenga la a Shehata, zikuluzikulu, zakuda, zitayang'ana kwathu. Waya unali utalumikizidwa, ukutsika ndi khoma mpaka pawindo. Ragab anali atakhala pamwamba pa imodzi, akudya nthanga n'kumalavula makoko.

Essam anaziona nayenso. "Ababa, lero musatsegule. Zipume tsiku limodzi, sizifa."

"Ndikapanda kutsegula lero, mawa ndidzati chiyani?"

"Ndiye tulutsani zochepa. Zosafunika kwenikweni."

"Iwe ukudziwa yosafunika ndi iti?"

Anakwera makwerero pang'onopang'ono, monga mwa masiku onse, natsegula zitseko zonse. Gulu lonse linatuluka ndi mkokomo, mpaka anyezi anga anawazidwa nthenga. Kutsidya a Shehata anatsegulanso. Magulu awiriwa anakwera, nakumana pamwamba pa njanji, nasakanikirana kwakuti sukanatha kudziwa kuti iyi ndi ya yani. Rehab anali atabwera kudzaima pambali panga, manja opanda kanthu. Tonse sitinkayang'ana nkhunda. Tinkayang'ana Ragab, ndi dzanja lake limene linkapita m'thumba la nthanga n'kubwerera kukamwa.

Apongozi okha ndi amene sanayang'aneko. Ankayendetsa mbendera, kumanja, kumanzere, ngati kutsidyako kulibe munthu. Anazisiya nthawi yaitali kuposa masiku ena.

Kuwala kutayamba kufiira, anatsitsa mbendera, naimba mluzu. A Shehata anaimbanso wawo. Gulu lija linang'ambika pakati, zina uku, zina uko. Zathu zinatera pathabwa, zikukankhana, n'kuyamba kulowa. Apongozi anaima pakhomo pa khola mpaka yomaliza italowa.

Pamenepo sipika zinalira, tswiii, mpaka agalu a kunjanji anayankha. Rehab anandigwira mkono. Panamveka munthu akuuzira m'maikolofoni, kenaka akuimenya ndi chala.

"Ikumveka iyi, Ragab? Ehe. A Gaber! A Gaber a nkhunda! Tiyi wapsa kuno. Mubwere ndi shuga, ine mwana wanu anandiletsa."

Madenga anaseka mpaka kuseri kwa mzikiti. Apongozi sanafulumire. Anatseka zitseko za khola chimodzichimodzi, nasesa thabwa, nathira madzi atsopano m'zomwera, natsika. Pansi amayi anali atawatulutsira mkanjo wochapa. Iwo anaukana. Anathira shuga m'kapu, nawoloka kanjira ndi mkanjo womwewo wa nthenga.